Kasefedwe ndi Kayendedwe ka Madzi m'Thanki Yoswetsera Nsomba

Ulimi wa nsomba wakula kwambiri m'dziko la Zambia, kuyambira ku makola akulu-akulu oyandama pa nyanja ya Kariba ku Siavonga kufikira ku timaiwe ta alimi a kumidzi. Alimi onsewa amadalira cinthu cimodzi, comwe ndi mbewu ya nsomba. Boma limaswetsa mbewu imeneyi pa malo ake monga ku Chilanga, komwe kuli likulu la dipatimenti ya za nsomba, ndi ku Mwekera pafupi ndi mzinda wa Kitwe, komwe kumacitikira kafukufuku wa ulimi umenewu. Makampani ndi alimi oima paokha naonso atsegula malo ao oswetsera, maka-maka kucokera m'caka ca 2017 pamene inayamba nchito yotukula ulimi wa nsomba yothandizidwa ndi banki ya African Development Bank.

Pa malo otere mazira ndi tiana ta nsomba timakhala m'thanki masiku athu oyamba, ndipo ndi m'masiku omwewo pamene tambiri timafa. Mlimi amene wangoyamba kumene amaganiza kuti madzi oyera ndiwo madzi abwino. Koma zinthu zimene zimapha tiana siziwoneka ndi maso, ndipo thanki ya madzi oyera mbee ingathe kupulula mbewu yonse usiku umodzi.

Cimene cimaipitsa madzi

M'dziwe lalikulu dothi, ndere ndi mphepo zimakonza madzi zokha. M'thanki ya simenti kapena ya pulasitiki mulibe zimenezi, cotero zonyansa zonse zimakhala momwemo kufikira mlimi atazicotsa. Zina ndi zooneka, monga ndowe, cakudya cotsala, makoko a mazira ndi mazira ofa. Coopsa kweni-kweni ndi ammonia, poizoni amene nsomba zimatulutsa kudzera m'makha zikagaya cakudya. Kilogalamu imodzi ya cakudya ca nsomba imabala magalamu pafupi-fupi 30 a ammonia, ndipo cakudya ca tiana, cokhala ndi mapuroteni oculuka, cimabala oposa pamenepo.

Citsanzo cingakhale thanki ya malita 1,000 mmene mlimi amathira magalamu 100 a cakudya pa tsiku. Pakutha pa tsikulo m'madzimo mumakhala mutalowa magalamu 3 kapena 4 a ammonia, kutanthauza mamiligalamu 3 kapena 4 pa lita iliyonse. Ukali wa ammonia ameneyu umadalira kutentha kwa madzi ndi muyeso wochedwa pH, umene umasonyeza ngati madzi ali a asidi kapena a laimu. Pa madigiri 28, pH ikakhala 7, gawo lakupha silifika peresenti imodzi. Ikafika pa 8 gawolo limakwera kuposa maperesenti 6, ndipo pa 9 limafika pafupi-fupi maperesenti 40. Izi n'zofunika kwa alimi a mu Lusaka ndi madera ozungulira, cifukwa madzi a pansi pa nthaka kumeneko amadutsa m'miyala ya laimu ndipo pH yake imakhala yokwererapo. Kadyetsedwe kamene sikangavute m'madzi ofewa a ku Luapula kangathe kupha tiana mu Lusaka.

Sefa ya mbali ziwiri

Sefa yabwino imagwira nchito ziwiri motsatizana, ndipo dongosolo lake siliyenera kusinthidwa. Yoyamba ndi kucotsa zinyalala zooneka. Madzi ocokera m'thanki amalowa m'diramu mmene amayenda mwapang'ono-pang'ono kuti zolemera zidikhe pansi. Diramu la malita 200 lolandira malita 17 pa mphindi limasunga madzi kwa mphindi 12, nthawi yokwanira kuti ndowe zambiri zikhazikike. Pansi pa diramulo pamaikidwa mpopi wotayira matope tsiku ndi tsiku, ndipo potulukira pamaikidwa siponji kapena neti yopindidwa kangapo yogwira tizinyalala totsala. Matope otayidwawo ndi manyowa abwino ku dimba la ndiwo.

Nchito yaciwiri ndiyo imene ambiri samaimvetsa. Ammonia ndi wosungunuka m'madzi, ndiye palibe nsalu kapena mcenga umene ungamugwire. Amacotsedwa ndi tizilombo ta bakiteriya tomwe timamatirira pa zinthu zonse zonyowa. Gulu loyamba, monga la Nitrosomonas, limasandutsa ammonia kukhala nitrite, amenenso ali poizoni. Gulu laciwiri, monga la Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza nsomba pokha-pokha ataculuka kwambiri. Nitrate ameneyu amacepetsedwa potaya maperesenti 5 kufikira 10 a madzi pa tsiku n'kuthiramo atsopano.

Cotero diramu laciwiri ndi nyumba cabe ya tizilombo timeneti. Limadzazidwa ndi zinthu zimene zimapereka malo ambiri omatirirapo koma osatsekereza madzi. M'masitolo a zipangizo za ulimi wa nsomba mumapezeka timawilo ta pulasitiki topangidwira nchito imeneyi, koma zotsekera mabotolo a zakumwa, tizidutswa ta paipi ya PVC ndi neti ya mthunzi ya m'madimba zimagwiranso nchito zikatsukidwa bwino. Miyala ing'ono-ing'ono ndi yochipa, kungoti imalemera ndipo imatsekeka msanga. Nthawi zambiri diramu limodzi la malita 200 limakwanira thanki yodyetsedwa magalamu 100 pa tsiku. Kukula kwa sefa kumayesedwa ndi cakudya cimene cimalowa m'thanki. Kuwerenga nsomba kokha kumasoceretsa, popeza tiana tomwe lero tikudya magalamu 50 tidzafuna oposa 100 pakapita mlungu umodzi kapena iwiri.

Tizilombo ta m'sefa timapuma monga nsomba. Pocotsa galamu imodzi ya ammonia timatha magalamu oposa 4 a okisijeni, n'cifukwa cake m'diramumo mumaikidwa mwala wotulutsa thovu la mpweya, kapena madzi amawazidwa pamwamba kuti azidontha kudutsa m'zipangizozo. Timathanso laimu wa m'madzi, ndipo pH imatsika pang'ono-pang'ono. M'madera a madzi ofewa alimi amabwezera laimuyo pothira soda wophikira, wosapitirira kota ya kilogalamu pa kilogalamu iliyonse ya cakudya. Kumene madzi ali ndi laimu kale, madzi atsopano a tsiku ndi tsiku amakwanira.

Milungu yodikira

Sefa yatsopano ilibe tizilombo tokwanira, ndipo timatenga milungu 4 kufikira 6 kuti ticuluke, kapena kuposerapo m'nyengo yozizira. Apa ndi pamene alimi ambiri amatayira ndalama. Munthu amamanga thanki Lolemba, Lacitatu n'kuikamo tiana zikwi zingapo, ndipo pofika mlungu waciwiri tiana timayamba kuunjikana polowera madzi, kukana cakudya ndi kufa. Iye amaimba mlandu wogulitsa mbewu kapena wogulitsa cakudya, pomwe vuto lili m'diramu lake lomwe.

Njira yoyenera ndi kuyendetsa madzi m'thanki mulibe tiana, n'kumathiramo cakudya pang'ono tsiku lililonse kuti ciziwola, kapena kuikamo nsomba zocepa zazikulu zopirira. Poyeza madzi ndi timabotolo ta mankhwala toyezera, ammonia amayamba wakwera, kenaka amatsika pamene nitrite akukwera, ndipo potsiriza nitrite nayenso amatsika. Onse awiri akafika pafupi ndi ziro, sefa yakhwima. Nthawiyi imafupika potenga zipangizo zina m'sefa yakale n'kuziika m'yatsopano, malinga ngati sefa yakaleyo ndi ya nsomba zopanda matenda. Nitrite akakwera nsomba zili kale m'thanki, magazi ake amasanduka ofiirira ndipo amalephera kunyamula okisijeni. Mcere wamba, hafu ya kilogalamu kufikira kilogalamu imodzi pa malita 1,000, umateteza nsomba pa nthawi yotere, ndipo cakudya cimayamba caimitsidwa.

Sefa yokhwima ingafenso m'manja mwa munthu waukhondo. Kutsuka zipangizo za m'diramu laciwiri ndi madzi a pampopi okhala ndi klorini, ndi sopo, kapena kuziyanika padzuwa kumabweza mlimi pa tsiku loyamba. Zimatsukuluzidwa mopepuka m'ndowa ya madzi a m'thanki momwemo, theka lero, theka lina pakapita milungu iwiri. Ndere yofiirira yoterera imene imakuta zipangizozo ndiyo sefa yeni-yeniyo. Siponji ya m'diramu loyamba yokha ndiyo imacapidwa kawiri-kawiri.

Liwiro la madzi

Kawiri-kawiri madzi onse a m'thanki amayenera kudutsa m'sefa kamodzi pa ola. Kwa thanki ya malita 1,000 amenewo ndi malita pafupi-fupi 17 pa mphindi. Nambala yolembedwa pa bokosi la pampu si yodalirika pa nkhani imeneyi, cifukwa imanena za pampu yosakweza madzi m'mwamba. Ikamakankhira madzi mamita awiri kudzera m'mapaipi okhota-khota mphamvu yake imatsika kwambiri. Muyeso woona umapezeka ndi ndowa ndi wochi: ndowa ya malita 20 yochingidwa polowera madzi iyenera kudzaza m'masekondi pafupi-fupi 70.

Thanki yozungulira imadziyeretsa yokha ngati mapaipi aikidwa bwino. Madzi amalowetsedwa m'mphepete motsatira khoma kuti azizungulira, ndipo potulukira pamakhala pakati, pansi popendekera pang'ono. Aliyense amene anatakasapo tiyi wa masamba m'kapu anaona masambawo akusonkhana pakati, ndipo ndowe za nsomba zimacita cimodzi-modzi. Pakatipo pamaimikidwa mapaipi awiri, ina mkati mwa inzake. Yamkati ndiyo imaika malire a kuya kwa madzi. Yakunja imakhala yaitali kuposa madzi ndipo imabooledwa kumunsi, cotero madzi otuluka amacokera pansi pamene pali zonyansa. Thanki ya makona anayi imasunga zinyalala m'makona, ndipo imafuna kupopedwa ndi kacubu m'mawa uliwonse. Paipi yotulutsa madzi iyenera kukhala yaikulu kuposa yolowetsa, apo ayi thanki imasefukira pamodzi ndi mbewu.

Koma muyeso wa kamodzi pa ola sugwira nchito mofanana pa msinkhu uliwonse wa nsomba. Tiana tongoyamba kusambira n'totalika pafupi-fupi sentimita imodzi ndipo tilibe mphamvu yolimbana ndi mkokomo. Tikaoneka tikukokedwa mozungulira kapena titapanikizika pa neti ya potulukira, madzi aculuka liwiro. Pamenepo mpopi umacepetsedwa, kapena madzi amalowetsedwa kudzera m'paipi yoboola timabowo tambiri kuti agwe ngati mvula. Neti ya potulukira imakhala ya maso osapitirira milimita imodzi, ndipo imakulungidwa pa paipi yaitali kuti mphamvu yokoka igawike. Imatsukidwa ndi kaburashi kangapo pa tsiku cifukwa cakudya ca ufa cimaitseka msanga. M'mathanki ang'ono a galasi, monga amene amaswetseramo nsomba zokongola za m'nyanja ya Tanganyika zocokera ku Mpulungu, sefa ya siponji yoyendetsedwa ndi thovu la mpweya ndiyo yabwino koposa, popeza siyamwa kamwana ngakhale kamodzi.

Mazira ali ndi zofuna zaozao. Nsomba za bream za mtundu wa Oreochromis, monga ya mawanga atatu ya mu Kafue yochedwa andersonii, ya mutu wobiriwira yochedwa macrochir ndiponso niloticus, zimafungatira mazira m'kamwa. Yaikazi imawatembenuza mosalekeza kwa masiku 10 kufikira 14 osadya kanthu. Pa malo oswetsera mazirawo amacotsedwa m'kamwa pafupi-fupi mlungu uliwonse n'kuikidwa m'mabotolo a pansi pozungulira, mmene madzi olowera kumunsi amagwira nchito ya kamwa la mai. Apa diso la mlimi ndilo muyeso. Mazira onse ayenera kugubuduzika mofatsa osakwera kufika pakamwa pa botolo. Akakhala phee amagwirana, amasowa mpweya ndipo amacita cuku coyera ngati thonje. Akamawinduka mwamphamvu amasweka. Pa madigiri 28 amaswa pakapita masiku 3 kufikira 5, ndipo tiana timakhala m'timathireyi tosaya ta madzi oyenda kufikira kathumba ka cakudya ka pamimba katatha. Bream ya cifuwa cofiira, rendalli, ndi yosiyana, cifukwa imaikira mazira omata pansi n'kumawalondera.

Mazira a mlamba naonso ndi omata, cotero satembenuzidwa. Amayalidwa mosasanjikiza pa neti yoikidwa m'kangalande, madzi n'kumadutsa pansi ndi pamwamba pake, lita imodzi kufikira atatu pa mphindi. Amaswa pakapita tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, tiana n'kugwera pansi kudzera m'maso a neti, ndipo netiyo imacotsedwa msanga pamodzi ndi mazira ofa asanaipitse madzi. Anthu amadziwa mlamba monga nsomba yopirira imene imapuma mpweya wa kunja, koma ciwalo copumiraco cimakula pakapita milungu ingapo. Kamwana ka mlamba kamafuna okisijeni wa m'madzi monga nsomba ina iliyonse.

Mabotolo a mazira salumikizidwa ku pampu mwacindunji. Pampu imakweza madzi osefedwa ku thanki ya pamwamba, ndipo kucokera kumeneko amatsika okha ndi mphamvu yosasintha-sintha. Ndi bwinonso kuti mazira ndi tiana zikhale ndi sefa yaoyao, yosiyana ndi ya nsomba zazikulu zoswetsa, cifukwa madzi ozungulira amafikitsa matenda a thanki imodzi ku mathanki onse.

Gwero la madzi ndi zipangizo

Madzi a mumtsinje amabwera ndi matope, tizilombo todya tiana ndi matenda. Matenda a zilonda a nsomba ochedwa EUS anatsimikizika mu mtsinje wa Zambezi m'caka ca 2007, ndipo amafala kudzera m'madzi ndi m'nsomba zodwala. Madzi a borehole ndi aukhondo koma amatuluka ali ndi okisijeni wocepa, ndipo ena amakhala ndi citsulo cimene cimasanduka dzimbiri n'kukuta mazira. Amayenera kuwazidwa m'mwamba ndi kugonekedwa m'thanki ina asanafike kwa nsomba. A pampopi a m'matauni amagonekedwa tsiku limodzi kapena awiri, mpweya ukuwira, kuti klorini acoke.

Okisijeni ayenera kukhala pamwamba pa mamiligalamu 5 pa lita. Dziko la Zambia lili pamalo okwera, ndipo izi zimacepetsa mpata. Madzi a madigiri 28 a m'mbali mwa nyanja yamcere amasunga mamiligalamu 7.8, koma mu Lusaka, pa mamita pafupi-fupi 1,280, amasunga 6.7 cabe. Malangizo olembedwera maiko a m'zigwa amafunika kuwerengedwa ndi mfundo imeneyi m'maganizo. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye nako kumaimitsa kuswana, popeza bream imaswana bwino pa madigiri 26 kufikira 30 ndipo imaleka madzi akatsika kufika ca m'ma 20. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zozungulitsira madzi omwewo m'nyumba ya pulasitiki, cifukwa madzi ofunditsidwa kale satayidwa.

Pa zipangizo, mapaipi a PVC ndiwo oyenera, pomwe a mkuwa ndi a zinki amatulutsa poizoni. Diramu kapena thanki yogulidwa pa salaula iyenera kudziwika cimene inasungapo kale. Thanki yatsopano ya simenti imakweza pH kwambiri, ndiye imadzazidwa ndi kukhuthulidwa kangapo kwa milungu iwiri isanalandire nsomba. Neti yogonamo yoteteza ku udzudzu ndiyo msampha woipitsitsa. Maso ake amaoneka oyenera pa sefa, koma inanyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu amene amaphanso nsomba ngakhale atakhala ocepetsetsa.

Magetsi akathima

Zonse zimene zafotokozedwazi zimadalira pampu, ndipo pampu imadalira magetsi. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza za tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, ndipo magetsi anayamba kuthima maola 8 pa tsiku m'mwezi wa Malichi. Pofika mu Seputembala madera ena ankakhala opanda magetsi kufikira maola 21. Malo oswetsera omangidwa mosaganizira nthawi zotere amakhala pa ngozi kawiri: nsomba zimasowa mpweya, ndiponso tizilombo ta m'sefa yomira m'madzi timayamba kufa pakapita maola ocepa cabe.

Pa cifukwa cimeneci cinthu coyamba kulumikizidwa ku batire kapena ku sola ndi pampu ya mpweya, imene imadya mphamvu yocepa kuposa ya madzi, ndipo mwala umodzi wa thovu umapita m'diramu la tizilombo. Pampu ya mpweya imaikidwa pamwamba pa msinkhu wa madzi kuti ikaima madzi asabwerere m'cubu n'kuiwononga. Thanki ya pamwamba ikakhala yaikulu imapitiriza kutembenuza mazira kwa maola angapo, cifukwa mabotolo amafuna madzi ocepa. Thanki ya pansi imene mumakhala pampu imasiyidwa ndi mpata wolandira madzi onse otsika m'mapaipi pampuyo ikaima. Sefa yodontheza madzi imapirira kuposa yomira, popeza zipangizo zake zimakhala zonyowa koma zili mu mpweya. Nthawi yonse imene madzi aima nsomba sizidyetsedwa.

Ngozi ina imadza pa nthawi imene magetsi abwera. Madzi amene akhala m'diramu maola ambiri opanda mpweya amavunda, ndipo nthawi zina amanunkha ngati dzira lowola. Pampu ikangoyaka yokha imakankhira madzi amenewo kwa tiana. Mpopi wotayira kunja woikidwa pakati pa sefa ndi thanki umapereka mpata wotaya madzi oyambawo, ndipo kwa masiku atatu otsatira ammonia ndi nitrite amayezedwa m'mawa uliwonse cakudya cisanabwezeredwe pa muyeso wake wakale.